Tinamuperekeza Mkazi wa M'nyanja ku Beira

Ulendo wa ku Beira tinanyamuka atatu: ine, akazi anga amake Tamanda, ndi mkazi wina amene amake Tamanda ankangomutchula kuti "chinthu chanucho". Mkazi winayo anali wa mtengo wa mbawa, wotalika kulekeza m'mapewa mwanga, ndipo ndinamusema ndine m'kashedi kanga kuseri kwa nyumba, ku Goliyo, mu Ndirande.

Ine ntchito yanga ndi yosema ziboliboli. Zaka zonsezi ndakhala ndikusema njovu, mvuu ndi mipando, zinthu zoti dzanja limangoyenda lokha mutu uli kwina. Ndiye tsiku lina pa foni panalowa uthenga wa mayi wina wachigiriki, a Dona Eleni, amene ali ndi malo odyera m'mphepete mwa nyanja ku Beira. Mphwawo anagulapo mvuu yanga ku Blantyre kuno n'kukawapatsa nambala. Anatumiza chithunzi cha ziboliboli zamwala: akazi akuthamanga, zovala zitamata thupi ngati anyowa ndi mvula, mphepo ikuzikupizira kumbuyo. Kunsi kwa mapazi a mmodzi kunali mbalame ya m'madzi. Onse analibe mitu.

A Donawo amakonda kulankhula, moti mauthenga a mawu ankabwera ataliatali. Akuti akaziwo ndi Manereidi. Agiriki akale ankakhulupirira kuti pansi pa nyanja pali nkhalamba ina imene inabereka ana aakazi makumi asanu, ndipo anawo ndi amenewa. Alibe mchira wa nsomba monga timaganizira ife, miyendo ndi iwiri bwinobwino. Ojambula akale ankawajambula atakwera nsomba zikuluzikulu, pena akavalo a mchira wa nsomba, ndipo ngalawa ikafuna kumira ndi amene ankathandiza amalinyero. Za pa chithunzizo zinaimikidwa pa manda a mfumu ina kalekale, mitu inaduka n'kutayika. Bambo a Dona anabwera ku Beira pa sitima ya pamadzi, ndipo chithunzi chimenechi anachikoloweka m'shopu mwawo mpaka imfa.

"Ndikufuna wa mbalameyo, chimodzimodzi ngati pa chithunzipo," anatero a Dona. "Osawonjezera kanthu, osachotsa kanthu."

Ndinavomera. Koma nditafika pamapewa, dzanja linakana. Ine ndiseme munthu wodulidwa khosi, ndimuimike moyang'anizana ndi khitchini ya mkazi wanga? Ndinasiya chipika pamwamba, ndimvekere ndidzadula pomaliza. Masana ena ndinati ndingoyeserera pang'ono, poti n'chodulidwa kale. Nkhope ya Mgiriki sindiidziwa, ndiye tchizulo chinangotsata nkhope imene ndakhala ndikuiona zaka pafupifupi makumi awiri. Tsitsi loluka mizere, kachipsera pamwamba pa diso lamanzere kamene anagwa nako pa mjigo ali mwana, ndi chibwano chokwezeka momwe amachitira amake Tamanda akakwiya. Pomwe ndimazindikira, mkazi wanga anali akundiyang'ana kuchokera mu mbawa.

Ndinachita mantha, ndisaname. Ku Ndirande nkhani siyenda wapansi. Anthu anali atayamba kale kunong'onezana kuti bambo a Tamanda akusunga mkazi wa m'madzi m'shedi, akufuna kukhwima kuti alemere. Nanga akamva kuti nkhopeyo ndi ya mkazi wanga? Adzati ndamupereka nsembe. Ndinakulunga mutuwo m'juzi yakale, n'kuvindikira thumba, n'kumanga ndi mphira. Kubisako ndiye kunawonjezera moto. Amake Tamanda atafunsidwa ndi anzawo a kumvano, anabwera kunyumba chibwano chili m'mwamba.

"Bambo a Tamanda, chinthu chanucho chikatuluka pakhomo pano chisabwerenso. Chikabwerera, ine nditenga ana ndi makina anga osokera, ndipita kwa amayi ku Machinjiri. Ndipo ku Beirako tipitira limodzi, ndikaone ndi maso anga kuti chatsala."

Mkazi wanga akanena amachita. Ndiye taonani pomwe ndinali. A Dona safuna mutu. Akachikana chiboliboli, sindingabwerere nacho. Kudula mutu, ndiye kuti ndikucheka khosi la mayi wa ana anga. Ndinalephera kuganiza, ndinangoponya sowo m'chikwama kuti zikaoneka komweko.

Tinachikulunga m'mabulangete awiri ndi siponji ya matiresi akale, ana tinawasiya ndi alamu, n'kulawirira kudepoti ya Wenela. Tikuchitsitsa m'galimoto, abambo awiri amene anaima pafupi anavula zipewa. Kondakitala wa minibasi ya ku Mwanza anabwera mwaulemu kwambiri.

"Pepani madala, koma maliro sitinyamula."

"Ndi chiboliboli ichi, achimwene. Mtengo."

"Aa, ngati ndi mtengo ndiye alipira mpando."

Ndinakangana naye mpaka thukuta. Mtengo ulipire ngati munthu? Iye amvekere chinthu chokhala ndi mapewa ndi munthu basi. Ndinalipira mtima ukuwawa, tinamukhazika pawindo chotsamira. Amake Tamanda anakana kukhala naye pafupi, anakakhala kutsogolo. Pambali pake panakhala ine, kenako mayi wina wonenepa, wansangala, amene anadzitchula kuti Mayi Zuze a ku Bangwe. Amachita geni ya nsomba zouma za ku Beira, ndipo Chisena ndi Chipwitikizi amalankhula ngati akumwa madzi.

Minibasi inatenga maola awiri kuti idzaze. Kondakitala ndiye anakondwa ndi mlendo wanga, chifukwa odutsa akasuzumira ankaona ngati anthu achuluka kale. Mkulu wina wa jekete atalowa anapereka moni kwa aliyense, n'kufika pawindo paja.

"Mwadzuka bwanji amayi?"

Zii. Anabwerezanso mokweza. Zii. Anakhala pansi akupukusa mutu, amvekere, "Ulemu unatha m'tauni muno." Mayi Zuze anaseka mpaka misozi, ndipo atafunsa kuti kodi mayi wamwanoyu ndi ndani, yankho linachokera kutsogolo osatembenuka n'komwe.

"Afunseni eni ake. Ndi akazi awo aang'ono."

Tinadutsa Lunzu ndi Lirangwe. Pa Zalewa apolisi a pa rodibuloko anafuna kuona zikalata za mtengo, ndinawaonetsa, anangogogoda paphewa la mlendoyo n'kumva kuti ndi mbawadi. Tinagula chimanga chootcha pawindo. Amake Tamanda anagula ziwiri, china anapatsira Mayi Zuze kudutsitsa pamutu panga, ine osandiona.

Ku Mwanza tinafika dzuwa lili pamutu. Mzere wodinditsa mapasipoti unali wautali chifukwa basi ya ku Joni inali itangofika kumene, anthu ndi zikwama zawo zazikulu ngati akusamuka dziko. Tinaima ola lathunthu. Kuchoka apo kukafika ku Zobwe, mbali ya Mozambiki, pali kamtunda, ndipo anyamata a njinga zamoto anatizungulira. Wina anati amumangirira mayiyo kumsana kwake. Ndinakana, tinakwera kagalimoto kokalamba kamene chitseko chake ankachigwira ndi dzanja.

Ku Zobwe ndi kumene chinsinsi changa chinaphulika. Amake Tamanda anali m'kati pa mzere, ine panja ndi katundu. Wa kasitomu anabwera, bambo wamtali wa ndevu zometa bwino, analankhula Chipwitikizi, Mayi Zuze n'kumasulira: akuti masulani, aone. Ndinamasula kuyambira kumapazi. Anaona mbalame, anaona zovala zamphepo zija, anagwedeza mutu kuyamikira. Kenako analoza thumba la kumutu. Ndinayang'ana kukhomo la ofesi, n'kumasula msangamsanga.

Nthawi yomweyo amake Tamanda anatulukira pakhomo paja, patali ndithu, pasipoti m'manja. Wina anali atawadumpha pa mzere, ndiye chibwano chinali m'mwamba. Wa kasitomu anayang'ana chiboliboli, anayang'ana mayi akubwerayo, anayang'ananso chiboliboli. Anayamba kuseka chamumtima mapewa okha akugwedezeka, anadinda pepala langa, n'kundithandiza yekha kubwezeretsa thumba.

Mayi Zuze anandikokera pambali. "Bambo inu ndinu oopsa. Eni ake akudziwa?"

"Sakudziwa. Chonde mayi, pakamwa."

"Ine chinsinsi ndimasunga," anatero. "Koma chisapitirire maola awiri, chimandiotcha."

Sananame. Tinakwera shapa, ndiwo maminibasi a kumeneko, ndipo pofika ku Moatize galimoto yonse inali ikudziwa, kupatula munthu mmodzi. Nkhani inayenda m'Chisena, m'Chinyungwe, mpando ndi mpando. Anthu ankatembenuka, kuyang'ana amake Tamanda, kuyang'ana thumba, n'kumwetulira. Mtsikana wina anawapatsa malalanje awiri, amvekere limodzi ndi la amapasa anu.

"Kodi kumaso kwanga kuli chiyani?" anandifunsa, koyamba kundilankhula chichokere ku Wenela.

"Palibe. Anthu a kuno ndi ansangala basi."

Za kutentha kwa ku Tete munamva, ndipo zonse munamvazo n'zoona. Tinawoloka Zambezi pa mlatho wautali uja malaya atamata pamsana. Tinagona pa nyumba ina ya alendo imene Mayi Zuze amaidziwa, m'mawa mwake n'kukwera basi yaikulu ya ku Beira. Wolongedza katundu anafuna kuika mlendo wanga pamwamba pamodzi ndi mbuzi ndi matumba a makala. Ine Chipwitikizi changa chimathera pa moni, koma Mayi Zuze anamutsira mawu mpaka munthuyo ananyamula yekha chibolibolicho kukachiimika kumpando wakumbuyo. Anthu ena a mu shapa ya dzulo analinso m'basimo, choncho tisanafike ku Changara nkhani inali itagawidwa kale kwa atsopano.

Titangodutsa Guro, tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anaimitsa bwinobwino, tonse tinatsika. Sipeya anali nayo, koma nayonso inalibe mpweya. Anaikweza pa lole yodutsa kuti akaipope kutsogolo, ife n'kukhala pansi pa mlambe kudikira. M'basi munali ngati mu uvuni, ndipo mbawa ikatenthedwa kwambiri imang'aluka, ndiye ndinamutsitsa mayi wanga n'kumuimika pamthunzi.

Ola loyamba anthu anadandaula. Lachiwiri anatulutsa kamba, kugawana chinangwa, mtedza ndi malambe amene ana a m'mudzi wapafupi ankagulitsa. Lachitatu anayamba kufunsa za mlendoyo. Ndinawafotokozera zonse za a Dona, Mayi Zuze akumasulira n'kumathiramo mchere wawo. Ana aakazi makumi asanu a bambo mmodzi, amuna onse anagwira pakamwa. Wina anafunsa kuti nkhalambayo inkawadyetsa chiyani, wina amvekere nsomba zinali zaulere. Bambo wina wachikulire, amene anagwirapo ntchito padoko ku Beira, anati asodzi a kwawo amakambanso za akazi a m'madzi, koma awo amakokera anthu pansi.

"Awa sakokera pansi," ndinatero. "Awa ngalawa ikamamira ndi amene amabwera kudzaikankhira kumtunda."

Amake Tamanda anali atakhala pa chikwama chapatali pang'ono, akusenda mtedza ngati sakumva. Koma anafunsa, maso ali pa mtedza pomwepo.

"Ndiye kuti ndi othandiza anthu?"

"Amatero eni ake."

"Nanga bwanji simunanene kunyumba?"

"Munandipatsa mpata?"

Bulangete linali litamasuka kumunsi, mapazi a chiboliboli ali pamtunda. Amake Tamanda anadzuka, anapita kukaima pafupi, koyamba chiyambire. Anayang'anitsitsa phazi lija nthawi yaitali.

"Phazi ili mwalisema bwino," anatero. "Koma chala chachiwiri mwachitalikitsa. Agiriki zala zawo zimatero?"

Ndinayang'ana phazi lawo mu silipasi, chala chachiwiri chitapitirira chachikulu. Anthu onse pansi pa mlambe anapeza chochita, wina kutsokomola, wina kuyang'ana kumwamba. Ndinati inde, Agiriki ambiri amatero.

Tayala litabwera, jeki inapezeka kuti ndi yaifupi, pankafunika chipika choika pansi pake. Wothandiza dalaivala anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa tsinde la chiboliboli changa, lathyathyathya, lolimba bwino. Anangoti atambasule dzanja, amayi a m'basi monse anamuukira. Chisena, Chinyungwe, Chipwitikizi, zonse pakamodzi. Mayi Zuze anaima kutsogolo manja m'chiuno, amvekere mukufuna kuika mayi wa ana pansi pa basi? Munthuyo anathawa kukafuna mwala.

"Anthu awa chawalowa n'chiyani?" anadabwa amake Tamanda. "Mtengo womwewu?"

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Katandika, Vanduzi, Chimoio, ine ndikuwodzera dzanja lili pa phewa la mbawa. Kuchokera pa Inchope malole a kudoko anachuluka, basi ikuyenda pang'onopang'ono pambuyo pawo, ndipo tauni iliyonse imene tinkadutsa inkandiyandikitsa ku sowo ija. Ku Beira tinafika kutada, tinagona kwa mchemwali wa Mayi Zuze. M'mawa ndinaganiza kuti mayiwo apita ku nsomba zawo, koma ndinawapeza atavala kale, akutidikira pakhomo.

"Nsomba zouma sizithawa," anatero. "Ine kanema uyu ndimuonera mpaka kumapeto."

Nyanja ndinaiona, ndi yaikuludi, tsidya lake silioneka. Koma sindinganame kuti ndinaisirira, maso anga anali pa khonde la malo odyera aja. A Dona Eleni anatuluka ndi ndodo, kamayi kakafupi, tsitsi loyera mbuu, mawu aakulu kuposa thupi. Anatilandira ndi khofi wowawa m'timakapu ting'onoting'ono. Amake Tamanda anamwa kamodzi, anathokoza, n'kukaima kumapeto kwa khonde kuyang'ana madzi, kuti chinthucho chikamavundukulidwa asachione.

Ndinayambanso kumapazi. A Dona ataona mbalame anaomba m'manja. Ataona zovala anayendetsa zala m'mikwingwirima ya nsalu ija, akulankhula okha chilankhulo chawo, maso atanyowa. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa nsalu imeneyo inandidyera miyezi iwiri. Kenako analoza thumba ndi ndodo.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinamasula mphira, ndinachotsa thumba, ndinavula juzi. A Dona atalankhula, mawu anali ouma.

"Ndinati chimodzimodzi ngati pa chithunzi. Pa chithunzi pali mutu?"

"Palibe, mayi."

"Ndiye uchotseni, apo ayi mubwerere nacho."

Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa sowo. Ndinayeza pakhosi pomwe mwala wa pa chithunzi unadukira, ndinaika mano a sowo pa mtengo. Apo Mayi Zuze anatsokomola mwamphamvu, chifuwa chabodza chenicheni, ndipo amake Tamanda anatembenuka.

Anabwera pang'onopang'ono. Anaima kutsogolo kwa chibolibolicho, maso ndi maso. Dzanja lawo linakwera lokha kukagwira kachipsera ka pamwamba pa diso. Anayang'ana tsitsi, anatsika mpaka ku chala chija, kenako anayang'ana Mayi Zuze, amene mwadzidzidzi anayamba kuchita chidwi ndi denga.

"Basi yonse ija imadziwa?"

"Kuyambira ku Zobwe, asisi," anavomera Mayi Zuze.

Ndinadikira mkuntho. Koma anangoyang'ana sowo imene inali idakali pakhosi paja.

"Bambo a Tamanda, ikani sowoyo pansi."

"Mayiwa akuti..."

"Ndamva zimene anena, Chizungu chimenecho ndimachimva. Auzeni kuti ngati sakumufuna tibwerera naye. Akakhala pabalaza."

"Koma munati chikabwerera mupita ku Machinjiri."

"Ndikudziwa zimene ndinanena. Mutu wanga sudulidwa ndi sowo ya matabwa, pakhonde la eni, ine ndikuona."

Ananena zimenezi ataima pambali pa chibolibolicho, phewa ndi phewa, chibwano m'mwamba. A Dona anavala magalasi amene ankalendewera pakhosi pawo. Anayang'ana wa mbawa, anayang'ana wamoyo, monga anachitira wa kasitomu uja. Kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola, wantchito wawo anathamanga ndi madzi.

Atapuma anati, "Chithunzi chija ndachiyang'ana kuyambira ndili kamwana m'shopu mwa bambo anga. Ndinkawafunsa kuti akazi awa nkhope zawo zinali zotani, iwo ankati palibe amene akudziwa. Ndakalamba ndikuganiza kuti anali ofatsa. Koma munthu wokankha ngalawa pa namondwe angakhale wofatsa? Ayenera kuti ankaoneka chonchi. Bwezani sowo yanu m'chikwama."

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala osapemphedwa. Ndimati zatha, koma amake Tamanda anali asanamalize. Anazungulira chibolibolicho, kuyang'ana zovala zonyowa zija mmene zamatira thupi, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundiponyera diso limene ndimalidziwa bwino. Anatsegula chikwama chawo, anatulutsa chitenje chatsopano cha maluwa achikasu chimene anasungira ulendo wobwerera, n'kumumanga mkazi wa m'nyanja m'chiuno, mfundo kumanzere monga amamangira iwo.

A Dona anadandaula kuti nsalu yosemayo ndi imene anaitanitsa kuchokera ku Malawi, nanga ikabisika? Amake Tamanda anawayankha mwaulemu wonse kuti poti nkhope ndi yawo, sangaime pakhonde la anthu odya thupi lonse lili pamtunda, iwo ndi mayi wa mvano. Anakambirana ngati ali pamsika wa Ndirande, Mayi Zuze ali pakati, mpaka anagwirizana kuti chitenje chitsike pang'ono, kumtunda ndi kumapazi kuzioneka. Mpaka lero a Dona akatumiza chithunzi, Mnereidi wawo amakhala ali m'chitenje, ndipo akuti chikasuluka ndi mphepo ya m'nyanja amagula china okha.

Pobwerera tinakhala mpando umodzi. Kuchoka ku Beira mpaka ku Dondo amake Tamanda ankangoyang'ana pawindo. Kenako anatulutsa lalanje, anasenda, anandipatsa theka.

"Chipsera chija mukanachisiya," anatero.

"Ndi chimene ndinayamba kuona tsiku loyamba tinakumana lija."

Anatafuna kaye, akubisa kumwetulira.

"Koma chibwano munanama, bambo a Tamanda. Ine sindikweza chibwano chonchija."

Ananena zimenezi chibwano chili m'mwamba. Ndinayang'ana pawindo, n'kuvomera kuti pamenepo tchizulo chinaterereka.